Mbali ya Wogwa

Ndinachoka ku yunivesite ndi zinthu ziwiri: digiri ya masamu ndi theka la ndewu. Digiriyo ndinaisiya kwa mlongo wanga, amene anaipachika pakhoma pafupi ndi kalendala. Theka la ndewu lija ndinayenda nalo.

Pa sukulupo panali bambo wina wachikulire, a Likaomba, amene ankasunga makiyi a chipinda cha mipira ndi maukonde. Kareti anaiphunzira ali mnyamata, kudziko lina kumene anakagwira ntchito, ndipo dzuwa likapendeka ankaphunzitsa aliyense wofuna, m'chipinda momwemo, pakati pa mipira yophwa. Tinayamba tili ambiri. Mayeso atayandikira tinatsala ochepa. Mayeso atatha ndinatsala ndekha, ndipo m'pamene anayamba kundiphunzitsa chinthu chimene iwo ankachitcha Kukumana.

Kukumana ndi ndewu ya anthu awiri yokonzedweratu, ngati gule. Wina amakhala woputa, wina wolandira. Woputa aponya chibakera, wolandira atchinga. Woputa aponya mwendo, wolandira alewa. Zimapita choncho, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka kumapeto, pamene wolandira amagwira dzanja la woputa, kulipotokola, n'kumugwetsa chafufumimba.

Ine ndinali woputa masiku onse.

"Mbali yangayi ndidzakupatsa ukadzadziwa kugwa," ankatero a Likaomba. "Panopa ukugwa ngati thumba la makala."

Ndikagwa, nkhope ili pa simenti, iwo ankasiya dzanja langa. Kenako pankakhala kamphindi. Kucheuka sankandilola. Ndinkangomva kuti aima kumbuyo kwanga, ali zii. Kamphindiko kakatha ankati, "Dzuka." Ndinkadzuka, kuwaweramira, kuvala nsapato pakhomo, n'kumapita.

"Masta, kodi mumachita chiyani kumbuyo kwanga ndikagwa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Chomaliza chake n'chimenecho."

"N'chotani?"

"Ukadzaima pano udzachiona."

Sindinaimepo. Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a Likaomba anadwala, ana awo anadzawatenga kupita nawo kumudzi, ndipo uthenga wa maliro unandipeza dothi la pamanda litauma kale. Anandisiyira lamba wawo wakuda, amene anali atatuwa ndi zaka.

Munthu wa masamu sagona bwino akasiya funso lopanda yankho. Ndinaganiza motere. Mbali ya wolandira sindinaiphunzire, koma inatsala m'thupi mwanga monga phazi limatsalira m'matope. Ndikudziwa pamene chibakera changa chinkaimira, ndiye kuti mkono wawo unkakhala pamenepo. Ndikudziwa kumene mwendo wanga unkaponda mphepo, ndiye kuti iwo anali atachokako. Zonse ndikanazipeza motero, kupatula chomaliza, chimene chinkachitika kuseri kwa mutu wanga. Koma nditapeza munthu mmodzi, n'kumuphunzitsa mbali ya a Likaomba kuyambira poyamba mpaka pondigwetsa, mwina thupi lake likanachita lokha chotsatiracho, monga mndandanda wa manambala umakuuzira wokha nambala yotsatira. Ndinkangofuna munthu mmodzi woti akhale mpaka kumapeto.

N'chifukwa chake ndinatsegula kalabu. Ena amatsegula kalabu kuti aphunzitse anthu kudziteteza. Ine ndinatsegula kuti ndipeze wondigwetsa.

Tauni yoyamba inali ya chigayo. Chilichonse kumeneko chinali mbuu ndi ufa: mitengo, agalu, nsidze za anthu. Mwini chigayo anandibwereka chipinda chakuseri, mmene kale ankasungiramo migolo ya dizilo. Ndinasesa, ndinalemba ndi choko pachitseko kuti KALABU YA KARETI, ndinavula nsapato n'kuzisiya pakhomo, ndinalowa, n'kuweramira chipinda chopanda munthu. Zimenezi ndakhala ndikuchita kulikonse kumene ndafika.

Ndisanamalize kusesa panja, panaima bambo wina pa njinga, phazi limodzi lili pansi.

"Achimwene, ndinu a kareti aja?"

"Ndine."

"Mumaswa njerwa?"

"Ayi."

"Nanga mumaswa chiyani?"

"Palibe."

Anandiyang'ana mwachisoni, ngati ndamuuza kuti ndatsegula sitolo yopanda katundu, n'kupalasa njinga yake. Bambo ameneyu ndakumana naye m'matauni onse. Kwina amakhala wamfupi, kwina wandevu, koma njinga yake ndi yomweyo.

Anthu anabwera ambiri, nsapato pakhomo mulu. Ambiri ankachokera m'nyumba ya vidiyo ya kumsika, maso ali psuu, ndipo ankafuna kuuluka. Wamkulu pa onse anali Yotamu, wonyamula matumba pachigayo, wa khosi ngati mtondo.

"Masta, lero tiyambe kaja kodumpha n'kutembenukira m'mwamba," anatero.

"Lero tiphunzira kugwa."

"Kugwa n'kophunziranso? Ine ndimagwa Loweruka lililonse pochokera kumowa, palibe amene anandiphunzitsa!"

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Kenako ndinawagwetsa mmodzimmodzi pa simenti, monga anandigwetsera a Likaomba. M'mawa mwake nsapato pakhomo zinachepa. Zinachepabe. Pomaliza Yotamu anabwera akutsimphina kudzanditsanzika.

"Masta, mukanayala kanthu pansipa. Msana uwu ndi umene umadyetsa ana anga."

Apo ndinaphunzira kuti kalabu imayambira pansi, pamene anthu amagwera. Ndinatolera matumba akale, ndinawadzaza gaga, ndinawasoka, n'kuwayala chipinda chonse. Munthu ukanatha kugwa kuchokera padenga osamva kanthu. Koma anthu anali atauzana kale za simenti ija, ndipo za matumbawo palibe anauza mnzake. Amene anamva ndi makoswe. Ankabwera osaphonya tsiku, koma nsapato analibe.

Kenako ndinapezeka m'mudzi wa fodya. Mmene ndinafikira sindikukumbuka. Ndimangokumbuka ndikutsika lole, tsache lili kukhwapa, fumbi likundilowa m'mano. Chinali chilimwe ndipo zigafa zoumitsiramo fodya zinali mbee, mitengo yokhayokha ndi denga la udzu. Anandipatsa chimodzi. Chinalibe makoma ngakhale chitseko, choncho ndinajambula mzere pa dothi ndi chala n'kunena kuti apa ndiye pakhomo. Ndinasiya nsapato kuseri kwa mzerewo, ndinawoloka, n'kuwerama. Pansi ndinathira utuchi wochokera kwa ocheka matabwa.

Bambo wa njinga uja anafika utuchi usanafalikire.

"Mumaswa njerwa?"

"Ayi."

"Ndiye kuti muli ndi mankhwala. Tanditemereniko mphini pachibakerapa, ndili ndi mlamu wanga wovuta."

"Mphini ndilibe, bambo."

"Onse amatero," anatero akumwetulira, n'kupita.

Kumeneko ndinapeza Sipiriyano, mlimi wa pa esiteti, munthu wosakonda kulankhula. Ankavula patapata wake pamzere uja mwaulemu ngati pali chitseko chenicheni. Anadziwa kugwa msanga, ndipo ndinayamba kumupatsa mbali ya a Likaomba. Ndinkaponya chibakera pang'onopang'ono ndipo iye ankatchinga.

"Osati pamenepo," ndinkatero. "Tsitsani mkono. Ugunde apa."

Ndinkamuonetsa malo ena pa mkono wanga, pamene fupa linakhuthala chifukwa chogundidwa pamodzimodzi zaka zonse zija. Mkono wake ukafika pamalopo ndinkamva ululu wakale, ndipo ndinkadziwa kuti yankho ndi lolondola. Sindinamvepo za buku la mayankho lopweteka ngati limeneli.

Tinafika pakati pa Kukumana. Masiku ena ndinkachita ngati ndikuona a Likaomba akutuluka pang'onopang'ono m'thupi la mlimi ameneyu, phewa lero, chiuno mawa. Kenako mitambo inayamba kusonkhana kummawa. Tsiku lina Sipiriyano anaima pamzere osavula patapata.

"Aphunzitsi, nazale yakula. Mawa tiyamba kuwokera."

"Madzulo simungabwere?"

"Madzulo manja amakhala atatha. Fodya sadziwa kuti kuli kareti." Anakanda m'mutu. "Tikagulitsa ndidzabwera. Mzerewu musafufute."

Mvula inafufuta yokha. Chigafa chinadzaza masamba, ndipo ine ndinkachita mbali yanga pabwalo, fungo la fodya likundizunguza mutu. Pamene chigafa chinakhalanso mbee, Sipiriyano anali atasamukira ku esiteti ina ndi banja lake, atapita ndi theka la theka la a Likaomba lija. Ndinaphunzira kuti kalabu ya kumudzi imatsegulidwa ndi dzuwa n'kutsekedwa ndi mvula, ndipo mphunzitsi amangosunga tsache.

Malo achitatu anali tauni ya pamalire, kumene malole ankagona pamzere wautali ngati ng'ombe zodikira madzi. Ndinapeza galaja yakale. Pansi ndinayala makatoni okhuthala. Ndinasesa, ndinalemba pachitseko, ndinavula nsapato, ndinawerama. Kuno anthu anabwera n'kukhala, chifukwa mphekesera inamveka yoti makampani a alonda amalemba msanga munthu wodziwa kareti. Pawindo pankadzaza nkhope za oonerera. Ndinayamba kuyenda ngati mwini kalabu weniweni, manja kumbuyo.

Pakati pawo panali Bizaliyele, wothandiza pa malole, wamtali, wa liwiro ngati mphaka. Chimene ena ankaphunzira mwezi iye ankachitola tsiku limodzi. Sindinamufunse chimene ankachifunira. Ndinangoona kuti nayu munthu amene afike kumapeto mvula isanabwere.

Anafikadi. Tsiku limenelo anagwira dzanja langa, analipotokola, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire a Likaomba ndinagwa chafufumimba ndi mphamvu ya munthu wina. Ndinagona pa katoni makutu ali tcheru.

Ndinamva kukuwa, kenako phazi pakhosi panga, kenako kuomba m'manja kuwindo.

"Mwaona?" anatero Bizaliyele kwa oonerera.

"Chimenechi n'chiyani?" ndinafunsa nditadzuka.

"Kumalizitsa, Masta. Munthu akagwa amapondedwa."

Ndinadziwa kuti si chimenecho. A Likaomba sankandikhudza. Ndinamuuza kuti abwereze popanda kundikhudza, ndipo iye anaponya chibakera m'mphepo pafupi ndi khutu langa. Ndinamva kamphepo. Kwa a Likaomba kunalibe kamphepo. Ndinadzitonthoza kuti ku masamu kuchotsa mayankho olakwika ndi kupitanso patsogolo.

Sipanapite nthawi, Bizaliyele anakangana ndi kondakitala wina ku depoti. Anagwira dzanja lake monga ndinamuphunzitsira. Koma kondakitalayo sankadziwa kugwa, ndipo pa depoti panalibe makatoni. Masana ena mkazi wa kondakitalayo anabwera naye pakhomo pa galaja, mkono uli m'chikhakha. Sanakuwe. Anayang'ana nsapato zimene zinali pakhomo, kenako ine.

"Ndinu amene mumaphunzitsa zothyola anthu?"

Ndinayamba kufotokoza kuti pali woputa ndi wolandira. Mayiyo anadikira mpaka nditamaliza.

"Ndiye amuna angawa anali ndani pamenepo?" anafunsa.

Bizaliyele anali atakwera kale lole yowoloka malire. Nsapato pakhomo zinatha sabata yomweyo. Ndikufufuta choko pachitseko, bambo wa njinga anaima.

"Njerwa munati simuswa," anatero. "Za mafupa simunatiuze."

Ndinaphunzira kuti chitseko cha kalabu si chotsegula chokha. Mphunzitsi amayenera kuima pamenepo n'kufunsa.

Choncho pa mishoni ina ya m'mapiri, kumene anandilola kugwiritsa ntchito holo ya tchalitchi pakati pa sabata, ndinkaima pakhomo n'kufunsa aliyense kuti, "Mukufuna kumenya ndani?" Amene anali ndi yankho ndinkawabweza. Amene analibe yankho ankaganiza kanthawi, n'kuona kuti alibedi chifukwa chobwerera. Njira imeneyi inagwira ntchito bwino kwambiri: palibe fupa limodzi limene linathyoka, ndipo palibe munthu mmodzi amene analowa.

Kunkazizira, ndipo pansi pa holoyo panali matabwa. Nkhungu inkalowa m'holo n'kukhala pa mabenchi ngati mpingo. Ndinkasesa, kuvula nsapato, kuwerama, n'kuyamba mbali yanga ndekha. Chibakera chinkaima chokha pamene chinazolowera kuima. Kumapeto ndinkapereka dzanja langa kwa mphepo, kulipotokola ndekha, n'kugwa. Kenako ndinkagona chafufumimba kudikira kuti wina anene kuti ndidzuke. Masiku ena ndinkadikira mpaka dzuwa litachoka pawindo lina n'kufika pa lina. Sindikudziwa ngati ndinakhalako chaka kapena zaka.

Tsiku lina mayi wina wachikulire wokonza maluwa a m'tchalitchi anandipeza ndili pansi. Anataya maluwa n'kundigwira mutu, poganiza kuti ndi khunyu.

"Ndili bwino, mayi. Ndi masewero chabe."

"Masewero? Nanga wakugwetsa ndani, mwana wanga?"

"Palibe."

Anayang'ana holo yonse, mabenchi ndi nkhungu.

"Ndiye ndi matenda amenewo," anatero.

Malo omaliza amene ndifotokoze anali a msika wa ng'ombe, pachigwa chotentha. Ndinapeza nyumba yakale yosungiramo zikopa, imene fungo lake silinasamuke pamodzi ndi zikopazo. Pansi ndinayala matumba a mankhusu a mpunga, amene makoswe sawafuna. Bambo wa njinga anabwera, tsitsi litachita imvi.

"Mumaswa njerwa?"

"Ayi."

"Mukuchita bwino," anatero. "Njerwa ndi zomangira." Anakankha njinga yake osakwera.

Masana ena ndikusesa, pakhomo panaima mkazi wovala ovolosi yobiriwira ndi majombo a mphira. Anati dzina lake ndi Zelipa, mlangizi wa ziweto, amene anatumizidwa kuderalo kuchokera kutali.

"Mukufuna kumenya ndani?" ndinafunsa.

"Palibe. Ndikaweruka ndilibe kopita. Kuno munthu aliyense akandiona amayamba nkhani ya nkhupakupa."

"Kuno timayamba ndi kugwa."

"Ng'ombe zandigwetsa m'dibi kambirimbiri, aphunzitsi. Bola inu mwayala matumba."

Anavula majombo n'kuwaimika pafupi ndi nsapato zanga. Poti tinali mwamuna ndi mkazi awiriwiri, ndipo masewero ake ndi ogwirana, chitseko tinkachisiya chotsegula kuti odutsa aziona okha. Anaona, analankhula, kenako anatopa. Ena anabwera kudzayesa, anakhala nyengo imodzi n'kupita. Majombo aja sanaphonye. Mvula inabwera, iwo ali pakhomo ndi matope. Kunazizira, kunatenthanso, iwo ali pomwepo.

A Zelipa sanali a liwiro ngati Bizaliyele. Ankafunsa mafunso ndipo ankatsutsa. Koma manja awo ankadziwa kumene kulemera kwa chamoyo kumakhala, ndipo tsiku limene anafika kumapeto ndinagwa mofewa ngati mwana wa ng'ombe wofuna kubayidwa jakisoni. Ndinagona, makutu tcheru.

"Mwavulala?" anafunsa.

Si chimenecho. Mawa lake anasasa m'manja. Si chimenechonso. Pamapeto pake ndinawauza nkhani yonse, ya a Likaomba, ya kamphindi, ya mndandanda wa manambala. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Zaka zonsezi mukuyendera chimenecho? Mwina madalawo ankangopuma. Si munati anali okalamba?"

"Ndikanamva akupuma wefuwefu."

"Mwina ankadzikanda."

"Ndikanamva nsalu."

"Mwina ankakusekani chamumtima, mmene mumagoneramu ngati chule."

"Zimenezo n'zotheka," ndinavomera.

Tinayesa zambiri. Anawerama, anatukula manja, anabwerera m'mbuyo, anaima ndi mwendo umodzi mwachipongwe. Chilichonse chinali ndi phokoso lake laling'ono, ndipo palibe chimene chinafanana ndi zii uja. Koma ndinayamba kuona kuti sindikufulumiranso. Ndinkasesa m'mawa kwambiri, ngakhale iwo ankabwera madzulo.

Tsiku lina anafika osavula majombo msanga. Ndinakumbuka Sipiriyano ndi patapata wake.

"Andisamutsa," anatero. "Kumapiri, kumene kuli mbuzi zambiri kuposa anthu."

"Liti?"

"Mwezi ukatha."

Mwezi unatha monga imathera miyezi yotero. Tsiku lomaliza lole inaima kumsewu, bedi ndi mipando yawo zitamangidwa pamwamba, dalaivala atatsamira pa tayala. Ndinkaganiza kuti angodutsa kudzatsanzika. Koma anavula majombo, analowa, anawerama.

"Aphunzitsi, kumene ndikupitako ndikufuna ndikatsegule kalabu yanga. Ngakhale ya anthu awiri. Koma ndikuona vuto. Ine ndimangodziwa kulandira. Munthu woyamba akabwera, ndani adzamupute?"

Ndinayang'ana pa matumba, pamene ndinkagwera masiku onse.

"Ndiye lero tisinthane," anatero. "Mbali yanuyo ndakhala ndikuiona ikubwera pamaso panga nthawi yonseyi. Ndikufuna ndiimve m'thupi ndisanapite."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti mbali ya wolandira sindinapatsidwe, kuti Masta anati adzandipatsa ndikadzadziwa kugwa. Kenako ndinaganiza za simenti, utuchi, makatoni ndi thabwa lozizira la pa mishoni. Ngati pa nthawiyo ndinali ndisanadziwe kugwa, ndiye kuti sindidzadziwanso. Ndinamanga bwino lamba wotuwa uja n'kukaima mbali imene ndinali ndisanaimepo.

A Zelipa anaponya chibakera. Mkono wanga unapita wokha kukachilandira. Anaponya mwendo, ndinali nditachokapo kale. Zonse zimene ndinakhala ndikuuza ena, tsitsani mkono, tembenuzani chiuno, zinali kundidikira m'thupi mwanga. Kutsogolo, kumbuyo. Kumsewu dalaivala analiza hutala. Dzanja lawo linabwera, ndinaligwira, ndinalipotokola, ndipo anagwa chafufumimba pa matumba, bwinobwino, monga munthu wodziwa.

Ndinasiya dzanja lawo. Ndinaima n'kudikira kuti thupi langa lichite chomaliza.

Silinachite kanthu.

Wogwa amagwa nkhope italoza kukhoma. Zimenezo ndinkazidziwa, makoma ambiri ndinawaona motero. Chimene sindinkadziwa n'chakuti wolandira amatsiriza atayang'ana kukhomo. Chitseko chinali chotsegula. Pakhonde, padzuwa la madzulo, panali nsapato zanga, ndipo pambali pake majombo awiri a matope, limodzi litapendekera pa linzake. Pansi panga panali msana wa munthu amene anakhala mpaka kumapeto, ukukwera ndi kutsika ndi mpweya. Mawu aja anali kale pakamwa panga, ndipo ndinaona kuti ndikangowanena, munthuyu adzuka, awerama, avala majombo, ndipo pakhonde patsala nsapato za munthu mmodzi.

Choncho sindinawanene msanga. Ndinangoima, zii.

M'maganizo ndinaona chipinda cha mipira yophwa, mayeso atatha, sukulu yonse itapita kwawo. Ndinaona bambo wokalamba wa makiyi ataima pamwamba pa wophunzira mmodzi yekha amene anamutsalira, akuyang'ana nsapato pakhomo.

Hutala inaliranso.

"Aphunzitsi," anatero a Zelipa, mawu akumveka m'thumba la mankhusu. "Mwachipeza?"

"Musacheuke."

"Sindikucheuka. Mwachipeza?"

"Ndachipeza."

"N'chotani?"

"Mukadzatsegula kalabu yanu mudzachiona."

Anaseka pang'ono, msana unagwedezeka. Koma sanandifulumize. Ndinaima kamphindi kena, kotalikirapo kuposa ka a Likaomba.

"Dzukani," ndinatero.